Chikuku cha Bambo a Namasula

Dzina loti Namasula sanabadwe nalo ayi. Anamupatsa ndi adalaivala a pa sitolo yogulitsa zipangizo za odwala, pomwe mayiyu anagwira ntchito mpaka imvi zinayamba kusuzumira m'mbali mwa duku lake. Poyamba linali dzina loseketsana, kenaka linamukakamira ngati chisoso pa nsalu, mwakuti ngakhale mwini sitolo akamufuna ankangofunsa kuti, "Namasula ali kuseriko?"

Kuseriko kunali kachipinda kopanda zenera, konunkha mphira ndi makatoni. M'menemo munkaunjikidwa ndodo zoyendera, matiresi a odwala, mabedi opinda, ndi zikuku, mipando ya matayala ija yoyendetsera anthu ofa miyendo. Pakona panali tebulo, foni ndi kompyuta yakale imene inkalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.

Anthu ambiri ankagula katunduyo pa intaneti. Munthu akalowetsa nambala ya khadi lake la ku banki n'kuvomereza, ndalama sizinkagwera m'thumba la sitolo nthawi yomweyo. Kampani yodutsitsa malipiro inkangozigwira, monga mmene wamkulu amagwirira mwana padzanja pakati pa msewu, asanaoloke komanso asanabwerere. Mwini wake sakanatha kuzidya, sitolonso inali isanazilandire. Katundu akafika kwa wodwala, sitolo inkauza kampaniyo kuti itenge ndalamazo. Zinthu zikasintha katundu asananyamuke, inkaiuza kuti imasule, ndipo ndalama zinkabwerera kwa mwini wake ngati sizinachokepo n'komwe.

Wamakompyuta amene analumikiza sitolo ndi kampaniyo anaika mabatani awiri, lotengera ndi lomasulira. Lomasulira linafa msanga, ndipo iye, pokhala atapeza kale ntchito ina yonona, analibe nthawi yolikonza. Anangophunzitsa Namasula njira ya kukhomo lakumbuyo: kutsegula kawindo kakuda pa kompyuta, kulemba nambala ya malipiro, chifukwa chake, ndi mawu olamula, kuti kompyuta ya sitolo ilankhule yokha ndi ya kampani popanda mkhalapakati. Yankho linkabwera m'kamzere kamodzi kouma. Anamuchenjezanso kuti chomasulidwa sichigwidwanso, pokhapokha mwini khadi atavomereza kachiwiri. Ena onse ankaopa kawindo kakudako ngati dzenje la njoka. Mayiyu sanaope, chifukwa ali mtsikana ankagwira ntchito yolumikiza anthu pa lamya, masiku amene munthu ankayamba wapempha kuti amulumikize ndi mnzake. Ankakonda kunena kuti kale ankalowetsa zingwe, tsopano akuzizula.

Mwini sitolo anali mayi wamasiye, amene anatsegula malondawo atadwazika mwamuna wake mpaka kumuika m'manda. Iye anakhazikitsa lamulo. Wogula akangosintha maganizo, sitolo inkaluma kachidutswa pa ndalama zake, ka thukuta la oitanitsa katundu. Koma ngati wodwala wamwalira katundu asanafike, zonse zinkamasulidwa popanda funso, pakuti munthu wolira sumufunsa pepala. Ndipo asanamasule, Namasula ankayenera kuimbira foni wogulayo kumupepesa maliro m'dzina la sitolo. Anapepesa anthu osawerengeka amene nkhope zawo sanazionepo. Anali ndi mawu ake apadera a ntchitoyo, otsika, odekha, osiyana ndi amene ankakalipira nawo adalaivala.

Kunyumba ankakhala ndi bambo ake. Banja lake linatha kalekale, ndipo anabwerera pakhomo pamene anakulira, ati kwa kanthawi, mpaka kanthawiko kanakalamba. Bambowo anali wometa tsitsi wa pakona pa msewu wawo. Mitu ya amuna onse a mumsewumo inadutsa m'manja mwawo, kuyambira ili ndi liwombo mpaka itachita dazi. Tsiku lina lumo linawagwa m'manja, mbali imodzi ya thupi n'kufa. Kuchokera pamenepo dziko lawo linali chipinda chimodzi, chokhala ndi zenera loyang'ana khoma la oyandikana nawo. Ankamva msewu ndi makutu okha. Ankadziwa kuti amene wadutsa ndi wogulitsa makala, chifukwa njinga yake inkalira unyolo, ndipo ankafunsa ngati amuna akukhalabe pa benchi ya pakona kukangana za mpira. Sankapempha zambiri. Ankangofuna kukafika pa benchi ija, kukaona amene akumeta anthu awo ndi kumunyoza pang'ono.

Namasula ankagona ndi zikuku m'maso, poti masana onse ankakhala pakati pa izo, koma malipiro ake ankathera ku mankhwala, matewera a akuluakulu ndi sopo. Chikuku choyenera bambo ake, chokhala ndi chotsamira chachitali chogwira thupi lopendekeka, sakanatha kugula ngakhale tayala lake.

Anali ndi mlongo wake mmodzi, achimwene ake aakulu, ogwira ntchito mu ofesi yaikulu mumzinda wina. Iwo ankabwera mwa apo ndi apo ngati mvula ya m'chilimwe, ndi galimoto yotsukidwa ndi thumba la malalanje. Ulendo wina anabwera ndi akazi awo pa nthawi imene azakhali ndi asuweni anali atasonkhana kudzazonda wodwala. Bambo ananyamulidwa n'kukhazikidwa pabalaza. Azakhali atadandaula kuti mlongo wawo akufota m'nyumba ngati mbewu yomera pansi pa bedi, achimwene anafunsa ngati kuti akumva koyamba kuti chikuku chimagulidwa kuti. Anatulutsa foni, nafunsa dzina la sitolo imene Namasula ankagwirako ntchito, pakuti anali asanalisungepo m'mutu. Anasankha chodula kuposa zonse, analowetsa khadi, kenaka anayendetsa foniyo m'manja mwa aliyense kuti aone uthenga woti malipiro avomerezedwa.

Azakhali anaimba nthungululu. Alamu anamwetulira akuyang'ana zikhadabo zawo. Bambo analira ndi diso limodzi, dzanja lawo lamoyo litagwira bondo la mwana wawo, akuti mwana wamwamuna ndi mzati wa nyumba. Namasula nayenso anaomba m'manja. Iye yekha ndiye ankadziwa kuti ndalamazo zangogwidwa padzanja, ndiponso kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Koma anadzidzudzula mumtima kuti ntchito yamuipitsa maganizo, natsanulira alendo tiyi.

Chikuku cha mtundu umenewo chinkachita kuitanitsidwa kutali, choncho panafunika kudikira. Bambo sanadikire manja ali m'thumba. Anaitanitsa mmisiri womanga nyumba wa khomo loyandikana nalo, amene mkazi wake ankawayang'anira masana Namasula akapita ku ntchito. Anamuuza kuti agumule masitepe a pakhonde ndi kuikapo kamtsetse ka simenti kotsikira matayala. Mmisiriyo anakana malipiro, nati anametedwa ulere ubwana wake wonse, ino ndi nthawi yobweza tsitsi. Bambo ankalamula ntchitoyo ali chigonere, akufuula kuti asachite kotsetsereka kwambiri angakafike kumanda asanafike pakona. Simenti isanaume, mphaka anapondapo n'kusiya timapazi take, ndipo bambo atauzidwa anaseka mpaka kutsokomola, ati kasitomala woyamba wadutsa.

Mmawa wina chikuku chinafika ku sitolo. Adalaivala anachitsitsa chili m'pulasitiki, nachiimika m'kachipinda ka Namasula, akumuseka kuti lero mdala ayenda ngati nduna. Iye anachisisita pa chotsamira, nayesa mabuleki ake. Anagwirizana kuti akachipereke masana. Kenaka anakhala pa tebulo kuona mauthenga a ofuna kubweza, monga ankachitira tsiku lililonse.

Uthenga wachitatu unali ndi dzina la achimwene ake. Pa chifukwa anasankhapo kuti wodwala wamwalira.

Anali atawasiya bambo akumwa phala, akudandaula kuti mulibe shuga. Anaganiza kuti mwina zachitika iye atangotuluka, ndipo anthu aona chanzeru kuuza mwana wamwamuna poyamba. Anaimbira mkazi wa mmisiri. Mayiyo anayankha akuseka, kuti mdala ali bwinobwino, wavuta kuti amutulutsire jekete m'sutikesi, ndipo panopa akudzimeta ndevu ndi dzanja limodzi, wakana kuthandizidwa. Chapatali Namasula anamva mawu a bambo olemera lilime akufunsa ngati ali a ku sitolo, ndiponso ngati chafika.

Anaika foni pansi. Mantha anachoka, m'malo mwake munalowa chinthu chozizira ngati mwala wa mumtsinje. Anayang'ananso uthengawo. Unatumizidwa dzulo lake. Lamulo la sitolo linalembedwa poyera pamalo obwezerapo, kuti wosintha maganizo amalumidwa, wofedwa salumidwa. Achimwene anali munthu wodziwa kuwerenga.

Mwambo wa ntchito unati aimbe foni, ndipo anaimba, pa foni ya sitolo, ndi mawu ake aja otsika. Anati akuimba kuchokera ku sitolo ya zipangizo za odwala, alandira uthenga, ndipo onse akupepesa chifukwa cha zovuta zimene zagwera banjalo.

Kumbali inayo kunamveka kuusa moyo kwakutali, kokonzedwa bwino. "Zikomo mayi. N'zimene zatigwera. Anali munthu wamkulu, wapuma."

"Pepani ndithu," anatero Namasula. "Nanga mwambo wa maliro uliko liti, achimwene? Ndifuna ndipemphe tchuthi."



"Ndiwe kodi?" anafunsa achimwene. "Ndimayesa zimenezi amachita ndi makina."

"Makina ake ndine."

Pamenepo mawu a achimwene anasefukira. Galimoto inali itafa injini. Ana ankafunika za kusukulu. Alamu anali atayamba kufunsa chifukwa chake khadi likukana pomwe ndalama zikuoneka kuti zilimo. Iwo sankafuna kubweza mpaka kalekale, ankangofuna kupuma pang'ono, mwezi ukatha adzaitanitsanso, mwina chabwino kuposa chimenecho. Za imfazo anangodina pamene sadula, basi.

"Ndi mawu chabe, chemwali. Munthu safa ndi mawu a pa foni."

"Mukanawapha ndi mtengo wake womwe, achimwene. Mwawapha kuti musalumidwe kachidutswa."

"Usandilankhule ngati ndine mwana. Iweyo uli pa sitolo pomwepo zaka zonsezi, wawagulira chiyani? Ine ndinayesako."

Namasula anayang'ana manja ake, osuwa ndi sopo wochapira zofunda za bambo. Achimwene anafewetsa mawu, napempha kuti mdala asauzidwe, mtima wake ngwofooka, angakhumudwe pachabe. Anati chibale ndi fupa, sichiwola. Kenaka anati akuitanidwa ku msonkhano.

Kawindo kakuda kanali kotsegula, kakadontho kakuphethira kudikira. Nambala ya malipiro anali atailemba kale. Ndalama zinali zikadali padzanja, chikuku chili pambali pake, adalaivala ali panja akumwa tiyi. Akanangodina batani lotengera, bambo akanafika pakona dzuwa lisanapendeke. Koma ankadziwa njira yonse ya zinthu zoterezi. Wogula anali atakana katundu asananyamuke. Achimwene akanakadandaula ku banki kuti sitolo yawabera, kampani ikanabweza ndalamazo mokakamiza n'kulanga sitolo, chikuku chikanalandidwa bambo atachilawa kale, ndipo iye akanachotsedwa ntchito imene inkagula mankhwala. Achimwene akanatuluka m'nkhaniyo ali oyera, wakuba n'kukhala iye.

Mwini sitolo analowa kudzafuna makiyi, naona nkhope yake, nasuzumira pa kompyuta. Atawerenga dzina ndi chifukwa, anagwira pakamwa, kenaka anamukumbatira kumbuyo.

"Mwana wanga, bwanji osanena? Wabwereranji ku ntchito?"

"Ali moyo, mayi. Akumeta ndevu."

Mikono ija inamasuka pang'onopang'ono. Mwini sitolo anawerenganso, nayang'ana chikuku, napukusa mutu. Anati pa zaka zake zonse ankadziwa kuti ena amanama, koma sanaganizepo kuti angadzaone bodza ndi mwini maliro m'chipinda chimodzi. Namasula anadikira, mwina mayiyo anena kanthu kena. Koma chisoni cha sitolo ija chinali ndi malire ake. Inali ndi mwambo wa akufa, wa amoyo inalibe. Mwini sitolo anangoti pali banja lina limene lakhala likufunsa chikuku cha mtundu womwewo, ndipo ngati ichi chamasuka, adalaivala akachipereke kumeneko masana omwewo. Anawonjeza kuti poti munthuyo wanama, alumidwe monga mwa lamulo.

Namasula anapempha kuti asalumidwe. Sanachite zimenezo powamvera chisoni. Ankawadziwa achimwene ake. Sitolo ikanatengapo ngakhale kakang'ono, iwo akanauza azakhali ndi asuweni mpaka imfa yawo kuti analipira chikuku ndipo a ku sitolo anadya ndalama. Ankafuna kuti zibwerere zonse, zosagumuka, kuti asadzakhale ndi poimika phazi. Mwini sitolo anakweza mapewa natenga makiyi ake.

Atatsala yekha, anakana kukopera chifukwa cha imfa chija. Anthu ambiri anawalemba kuti amwalira, koma bambo ake sakanawalemba akadali kupuma. Analemba kuti wogula wasintha maganizo, wodwala ali moyo. Kampani sinkasamala za mawu amenewo, inkangowasunga, ndipo palibe amene akanadzawawerenga. Analemba mawu olamula, nadina. Kompyuta inalira pang'ono, kamzere kouma kanabwera kunena kuti zamasulidwa. Anadzuka, namatula kapepala ka dzina la bambo ake pa pulasitiki, nathandiza adalaivala kukweza chikukucho m'galimoto.

Namasula anafika kunyumba dzuwa litafiira. Bambo anali atakhazikidwa pa bedi, atavala jekete yawo ya ulemu imene tsopano inkawakhuthukira m'mapewa. Tsaya lamoyo linali losalala, lakufa linali ndi timabala ta lumo ndi zitsotso za ndevu zotsalira. M'thumba la jekete munkaoneka chipeso. Anayang'ana kumbuyo kwa mwana wawo, kukhomo, kenaka anamuyang'ana iye.

"Chili kuti?"

"Sichibwera lero, bambo."

"Mawa?"

"Sindikudziwa."

Nkhalambayo inapuma mwamphamvu. Inati mnyamata uja analipira pamaso pa anthu onse, uthenga anauona ndi maso awo, ngakhale azakhali ake osadziwa kuwerenga anauona. Mwana wachita mbali yake. Otsala ndi a ku sitolo, anthu olandira ndalama za eni n'kukhala pansi.

"Ndi inuyo mukuchedwetsa. Iwenso uli komweko, osawafulumizitsa. Ukufuna mlongo wako achite manyazi?"

Mawu anafika pakhosi pa Namasula, onse, ndi kuusa moyo kwa pa foni kuja komwe. Anayang'ana dzanja la bambo limene linanola lumo tsiku lonse, lili pa bondo. Akanawauza, chikuku sichikanabwera, ndipo mwana wamwamuna akanachokanso m'chipindamo, n'kutsala khoma la oyandikana nawo lokha.

"Inde bambo," anatero. "Ndife."

Anatuluka kukaitana mmisiri. Anatenga mpando wa kukhitchini, wa thabwa, nawakhazikapo bambo, n'kuwamanga m'chiuno ndi nsalu kuti asapendeke. Mmisiri anagwira miyendo yakutsogolo, iye yakumbuyo. Kamtsetse kaja, kamene kanamangidwira matayala, kanali kovuta kutsika ndi katundu m'manja kuposa masitepe amene anagumulidwa, ndipo anatsika chammbali, mapazi akukhwekhwereza pa timapazi ta mphaka. Pofika pa geti msana wa Namasula unali utayaka moto. Pakona panali patali. Anawatsitsa pomwepo.

Bambo anatukula khosi. Benchi inkaoneka chapatali, amuna atakhalapo ngati mbalame pa waya, ndipo wometa watsopano ankakutumula nsalu yake. Iwo anati ngakhale ali pano akuona kuti munthuyo sadziwa kugwira sizasi. Wogulitsa makala anadutsa, naima, navula chipewa, nati mdala wauka. Bambo anamuuza kuti asadabwe, uku n'kuyesera chabe, mwana wawo wa mu ofesi wawagulira chikuku chodula, cha chotsamira chachitali, kungoti a ku sitolo ndi aulesi. Anauzanso mayi wina wochokera kumsika, ndi wina wobwera pambuyo pake.

Namasula anaima kumbuyo, manja onse awiri atagwira mpando, poti mwendo umodzi wa mpandowo unali waufupi ndipo pansi panali posalingana. Aliyense wouzidwa ankamuyang'ana iye, wa ku sitolo, ndipo iye ankagwedeza mutu kuvomereza. Mphepo itayamba kuzizira anafunsa ngati angawabweze m'nyumba. Bambo anati ayi, adikire pang'ono, mwina galimoto ya ku sitolo ingatulukire pakona.